Tsanya wa ku Utale anandinyenga

Mu 2015 ndinasiya dimba la mayi anga kufupi ndi Mposa, m'mphepete mwa Nyanja ya Chilwa ku Machinga. Ndinali nditatopa ndi matope, udzudzu ndi njedza, zomwe ukazidula lero, pakapita miyezi ingapo zakupitiriranso msinkhu. Ndinagulitsa mbuzi zanga zonse n'kukapeza malo ku Utale, m'boma la Balaka.

Chinandikopa ndi mitengo ya tsanya, ina yoti manja awiri sangakumane poikumbatira. Mumtima ndinkati nthaka yolera zimphona zotere singakanike chimanga. Amalume anandifunsa kuti, "Mphwanga, mitengoyo yatenga zaka zingati kuti ifike apo?" Ine ndinapitiriza kunola nkhwangwa.

Nditagwetsa mitengoyo, khasu linkangonjanja pa dothi lamakande. Mvula ikagwa madzi ankaima pamwamba, dzuwa likawomba nthaka n'kung'aluka ming'alu yolowa chala. Chilala cha 2016 chinangomalizitsa. Chimanga chinauma chisanatulutse ngayaye, ndipo ana anga anagona ndi njala chifukwa cha ine.

Alangizi a zaulimi ndiwo anandifotokozera bwino. Mphamvu ya malo imayezedwa ndi kuchuluka kwa zomera zatsopano zimene malowo amatulutsa pachaka. Tsanya amakula pang'onopang'ono, m'chilimwe n'kuyoyola masamba, choncho thunthu lake ndi chuma chosonkhanitsidwa zaka zambirimbiri. Dambo la Chilwa lili ndi madzi, dzuwa ndi chonde chimene mitsinje monga Domasi imatsitsa kuchokera kumapiri, n'chifukwa chake njedza sizitopa kuphuka. Zikawola zimadyetsa tizilombo ta m'madzi, tizilomboto n'kudyetsa matemba, makumba ndi milamba. Nyanjayi inaphwa mu 1995, koma madzi atabwerera nsomba zinachulukanso, poti zina zinapulumukira m'maiwe a m'mitsinje. Mu 1996 inakhala malo oyamba ku Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Ndinakulira pamalo otere osadziwa kuti udzu umene ndinkautukwana ndiwo umboni wa chonde.

Mbuzi zija sizindipweteka kwenikweni, ndikhoza kuwetanso. Chondiwawa ndi zitsa zimene ndinasiya ku Utale. Tsanya amaphukira pachitsa, koma kuti afikenso msinkhu umene ndinamupeza nawo, ine ndidzakhala nditapita kale.