Njinga ya alamu ili ndi mapu

Alamu anga abwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamoto yopanda kabureta. Kuno ku Dedza zimenezo zili ngati nkhuku yopanda nthutumba: aliyense amafuna aone kaye ndi maso ake. Pansi pa mpando pali kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo wochapira. Dzina lake ndi ECU, koma amakanika amangoti kompyuta bokosi. Ka alamuwa n'kogula padera, kotheka kulumikiza ku laputopu n'kusintha zam'kati.

"Umu muli mapu, agogo," anatero alamu akusisita kabokosiko.

Agogo anayamba afwenthera fodya. "Mapu? Nanga dzana munasochera bwanji popita ku Lobi?"

Alamu anafotokoza kuti si mapu a misewu. Ndi timabokosi ta manambala: mbali iyi liwiro limene injini ikuzungulira, mbali inayo mmene dzanja lapotokolera mafuta. Kabokosi kalikonse kamalamula petulo woti apoperedwe komanso nthawi yoti pulagi ithethetse moto.

"Oho," anatero agogo. "Ndiye ndi mayi wogawa ndiwo pamaliro. Amenewo sakondedwa."

*

Mnyamata wina wa kabaza ku Bembeke anabwera kudzadandaula kuti njinga yake ili ndi chibwenzi ku Golomoti. Akatsika Khwekhwelere n'kufika kuchigwa, imakoka ngati ng'ombe ya ngolo, matumba atatu osabuula. Akabwerera kumtunda kuno, yayamba kutsokomola, utsi bii, pulagi yakuda ngati kunsi kwa mphika.

Njingayo siinalodzedwe. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ya Malawi siifika ndi 500 omwe. Mpweya wa kuno ndi wopyapyala. Petulo kuti apse bwino amafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi, koma kabureta sadziwa kuti wakwera phiri. Amangotulutsa mafuta pafupifupi omwe aja, injini n'kutsamwa. Mankhwala ake ndi jeti yocheperako. Njinga ya kompyuta ili ndi kachipangizo koyeza mpweya, ndiye imadzichepetsera yokha, ngakhale nayonso mphamvu imatsikako ndithu.

Mnyamatayo anamvetsa bwino lomwe. Amene sanamvetse ndi akunyumba kwake, amene anali atangomva chiyambi cha nkhaniyi. "Chibwenzicho n'cha njinga kapena n'cha mwini njinga?" Mpaka lero ulendo wa ku Golomoti amapita awiri.

*

Tsiku lina njinga ya alamu inayamba kudukiza. Tinaitengera kwa makanika wina wamkulu, munthu amene amamva vuto la Boxer kapena Lifan ikadali kutsidya kwa msewu. Anatenga sukurudiraiva, nagona pansi kufunafuna kasikuluwu ka kabureta. Ola lathunthu. Podzuka anadzisansa fumbi nati:

"Bwana, akuberani ku Joniko. Anachotsa."

Atamuonetsa kabokosi, anakagwedeza pafupi ndi khutu. Zii. "Nakonso kafa." Ndalama analipiritsa ndithu, akuti ya kafukufuku.

Musamuseke kwambiri. Zimene kompyuta imachita, iye wakhala akuchita ndi khutu ndi kuyang'ana mtundu wa pulagi kwa zaka zambiri, ndipo sanafunsepo munthu pasiwedi. Kungoti dziko likumuthawa. Ku India, kumene kumachokera njinga zambiri za kabaza, malamulo a utsi a mu April 2020 anachititsa makampani kusiya kabureta wachikale pa njinga zogulitsidwa kumeneko. Kunja kuno akutitumizirabe za kabureta, koma tsiku likubwera loti madalawa adzafuna magalasi ndi laputopu.

*

Mafuta atasowa, anyamata a pasiteji anamva kuti alamu atha kuuza njinga kuti izimwa pang'ono. Mmodzi anafika ndi Lifan yake.

"Biggie, ilembeni izisala kudya."

"Yanu ilibe kompyuta."

"Ilembeni basi, imva. Ndi yomvera."

Alamu anaseka, koma usiku anakayesa pa yawo. Anatsitsa manambala onse. Masiku awiri oyamba anayenda modzitama, akuti thanki siikutsika. Chimene anaiwala n'chakuti injini yomanidwa mafuta imatentha mopitirira, ndipo ikapitirira pisitoni imabooka. Pokwera chitunda cha ku Chongoni inatentha mpaka mwendo wa buluku unanunkha ngati chimanga chootcha. Anabwezera manambala msangamsanga. Agogo anati kusala kudya kumafuna mtima wachikhulupiriro, osati wa umbombo.

*

Kenaka alamu anatembenukira ku moto. Pulagi imayenera kuthetheka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Mukafulumizitsa pang'ono, mphamvu imawonjezeka. Mukanyanya, makamaka ndi petulo wam'zigubu amene anthu ena amamubatiza ndi palafini, injini imayamba kugogoda. Alamu ananyanya. Atafika pakhomo madzulo, njinga ili ngo ngo ngo, tinangomva agogo m'nyumba:

"Lowani!"

*

Mkulu wa mpingo wina, amene ali ndi njinga yake yopitira kumiraga, anamva alamu akunena kuti mapu ayenera kuganizira za ethanol, poti ethanolyo amafuna mpweya wochepa poyerekeza ndi petulo weniweni. Anafunsa kuti ethanol n'chiyani. Tinamuuza kuti ndi mowa wa nzimbe, ndipo ku Dwangwa anayamba kuutcheza mu 1982 kuti azisakaniza ndi petulo. Bamboyo anakhala chete, akuyang'ana thanki ya njinga yake ngati mwana amene wamupeza kushabini.

"Zaka zonsezi," anatero, "ndimaiimika pakhomo penipeni pa tchalitchi."

*

Alamu amakonda kunena kuti pa mipikisano ya MotoGP, kuyambira 2016, njinga zonse zimayendera kompyuta ndi pulogalamu imodzi ya Magneti Marelli, kuti olemera asapambane ndi ndalama zokha. Anyamata a kabaza anati lamulo limenelo n'labwino, libwere kuno, koma liyambe ndi mabuleki.

*

Loweruka lapitali alamu anapeza mapu atsopano pa intaneti, akuti a munthu wina wa ku Durban, m'mphepete mwa nyanja. Batire ya laputopu yawo inafa kalekale, imayendera chingwe basi. Ali pakati potumiza mapuwo m'kabokosi, magetsi anazima. Akale anali atafufutika, atsopano asanalowe. Njinga inangoti duu, osakumbuka ngakhale kuti ndi njinga.

Lolemba ndinakumana nawo pamsewu wa ku Chimbiya akuikankha, thumba la kachewere lili pampando. Makanika wamkulu uja anawadutsa pa Boxer yake yakalekale, utsi uli tolotolo, nachepetsa liwiro.

"Bwana, ndinakuuzani kuti anachotsa. Ndili naye kabureta wina kunyumba, tikamangirire?"