Keke ya ku Dambe

Mlamu wanga wa ku Dambe, kumapiri a Neno komwe amalima tirigu, waphunzira kuphika keke. Fulawa amagula wa m'paketi wochokera ku Blantyre. Tirigu wa kuseri kwa nyumba yake mwina sanapite ku sukulu.

Fulawayo atakwera mtengo, anathira mgaiwa. Mazira atasowa, nthochi ziwiri zakupsa zinalowa m'malo. Baking powder? Kasoda ndi madzi a ndimu. Majarini? Mafuta ophikira. Uvuni ndi poto pa mbaula, makala pansi, makala pa chivindikiro.

Agogo atalawa anati ichi n'chigumu chomwe akhala akuphika kuyambira utsikana wawo. Tinawakhululukira, zamakono sazidziwa. Tonse tinadya kekeyo ndi foloko.