Malangizo kwa Mnyamata wa ku Chitakale Wofuna Kusangalatsa Dziko pa Wayilesi

Mphwanga, popeza zamveka kuti watopa nako kuthyola tiyi, ndi kuti mtima wako ukhumba kukaima pa maikolofoni monga ankachitira akatswiri akale aja, amene ankayimba ndi kuseketsa anthu nthawi yomweyo ali kumvetsera, popanda wodula kapena wosoka mawu awo, ndaona chanzeru kukupakulirako malangizo, pakuti mawu a akulu akoma akagonera.

Uyambe wadziwa makolo ako pa ntchitoyi, kuti pokufunsa usachite manyazi. Kuyambira mu 1949, pamene kunabwera kawayilesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, a ku Nyasaland ankatchera khutu ku Lusaka, kumene Alick Nkhata ankaulutsa mawu ndi kuyimba. Ndipo mu 1964 tinakhala ndi yathuyathu, MBC, imene ku Chichiri inalera MBC Band, Chichiri Queens ndi Kapalepale wa a Smart Likhaya Mbewe. Maina amenewa uziwatchula mokweza ndi mopukusa mutu, ngakhale sunawamvepo, chifukwa m'dziko muno wopukusa mutu mwachisoni amayesedwa wodziwa zinthu.

Za choyimbira usavutike. Tenga chitini, chikopa cha mbuzi ndi waya wa mabuleki a njinga ya amalume ako, amene adzazindikira okha za kuwolowa manja kwawo potsetsereka ku Likhubula, ndipo banjo yako yatha. Pakuti Alan Namoko, mnansi wathu wa ku Thyolo, wosaona uja, anagwedeza dziko lonse ndi Chimvu River Jazz Band pa zipangizo zosaposa pamenepa. Koma usachune nsambo kunyumba ayi: ukachunire pa wayilesi pomwepo, kuti omvera adziwe kuti luso nlovuta. Ndipo poti maikolofoni ndi imodzi, oyimba ali asanu, iwe ukhale pafupi nayo, wothirira mang'ombe akhale kumbuyo kwako, koma mwini ng'oma, makamaka ngati anakulira m'bwalo la tchopa, umuike kunja kwa chitseko, pena kutsidya kwa msewu, kumene adzamvekabe bwino lomwe.

Tsono ndifike pa nthabwala, pamene pagona moyo wako. M'masiku a Ngwazi wayilesi inali imodzi, makutu anali ambiri, ndipo kuyambira 1968 kunali bungwe la boma losefa mawu, loti nyimbo kapena sewero likapanda kulikomera, linkafera m'kabati. Chotero anzeru onse a nthawiyo anaphunzira chinsinsi chimene ndikupatsa lero kwaulere, chakuti Mulungu mwa chifundo chake analenga apongozi, mkamwini waulesi ndi chidakwa cha kachasu kuti anthu akhale ndi wowaseka osagona ku Mikuyu. Ngati mitengo ya zinthu yakwera, nena kuti apongozi akulitsa mtanda wa nsima. Ngati msewu wakumbika, nena kuti mkamwini wagona mpaka dzuwa pamutu, khasu lili kumdikira. Omvera adzamva chimene ukunena, wamkulu wa pulogalamu adzachita ngati sanamve, ndipo nonse mudzagona m'nyumba zanu. Ukayenda siya phazi, mphwanga, ukasiya mlomo ukutsata. Nanji mlomo wosiyidwa pa wayilesi, umene umafika ku Chitipa iwe usanatuluke m'chipindamo.

Ukumbukirenso kuti nkhope yako sioneka. Izeki ndi Jakobo, ndiwo a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, ankatha kugwetsa anthu ndi phwete pongotong'ola maso chifukwa anali pa nsanja. Iwe ukatong'ola maso, dziko lidzayesa kuti mabatire atha. Ukagwa, igwa mofuula. Ndipo oseka ubwere nawo wekha, abale asanu ndi mmodzi odyetsedwa bwino, owapangira kuti ukakanda khutu aseke, ukakanda mphuno aombe m'manja, koma pa tsikulo usadwale chimfine.

Nthabwala yako ikhale yofulumira kufika pamathero, pakuti wayilesi ya kumudzi mwini wake ndi bambo, amene mabatire ake wawayanika padzuwa kachitatu ndipo akuwasungira nkhani ndi mauthenga achisoni. Ukazengereza, adzakutseka pakamwa ndi chala chimodzi uli pakati pa mawu. Komabe usayambe usanapereke moni kwa abale onse, kuchokera ku Muloza, Limbuli, Chisitu mpaka ku Nkando, aliyense ndi dzina lake ndi la mudzi wake, chifukwa azakhali oiwalika pa moni wa pa wayilesi sakhululuka kufikira tsiku lachiweruzo. Momwe ungagwirizanitsire malamulo awiriwa, uone wekha.

Zikakanika, m'mudzi monse osapezeka woseka, usadzitsutse konse. Ife a Mulanje tinadalitsidwa ndi Sapitwa, wa mamita 3,002, ndipo palibe adzakutsutse ukanena kuti mawu ako anatsakamira m'phirimo, mizimu inaseka yokha.

Za malipiro usafunse, pakuti kufunsa kotero nkusowa ulemu. Namoko, amene nyimbo zake zinalira pa wayilesi zaka zambirimbiri, anamwalira mu 1995 ali mmphawi. Chotero pokwera basi ya ku Blantyre, ndalama yobwererera uimangirire pa nsonga ya mpango.