Nandolo Wanga Waona Dziko, Ine Ayi

Chaka ndi chaka mwezi wa September ukafika, pamene ife a kuno ku Phalombe tili kalikiliki kupuntha nandolo, akuluakulu oona za alendo amabwera pa wailesi natidzudzula mwaulemu kuti Amalawife sitikonda kuyendera dziko lathu, pamene azungu amaoloka nyanja zamchere kudzaona zimene eni nthaka tazikhalira osazipenya. Ndipo ine, pokhala munthu womvera aulamuliro chiyambire ubwana wanga, mawuwo anandilasa mumtima m'chaka cha 2023, kotero kuti ndinapatula thumba limodzi la nandolo, ndinaliimika pangodya ya nyumba, ndi kulengeza pamaso pa mayi a kunyumba ndi apongozi anga kuti thumba limenelo ndilo lidzandifikitsa kunyanja, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ulendowo ndinaukonza mwadongosolo pa chikuto cha kope la mwana. Ndinati ndikayambire ku Mangochi, kumene kale kunkatchedwa Fort Johnston, ndikaimirire pansi pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria; ndipitirire ku Cape Maclear kukavula chipewa pa manda a amishoni a ku Scotland amene anafika m'chaka cha 1875, malungo nawathamangitsira ku Bandawe; pamenepo ndikwere sitima ya Ilala pa Monkey Bay, ndikaone Nkhotakota wa a Jumbe ndi mkuyu umene Livingstone anakhala pansi pake, kufikira ndikagwade m'tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera pa chilumba cha Likoma, chimene anayamba kumanga mu 1903 pa malo otchedwa Chipyela, pamene kale ankatentherapo anthu oganiziridwa ufiti. Apongozi atamva za Chipyela anangoti, "Nanga inu bambo, kumeneko mukabwerako?" Mayi a kunyumba sanalankhule zambiri, koma anayang'ana thumba lija, nayang'ana denga lodontha, nati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono thumba la nandolo lili ndi khalidwe limene a pa wailesi salidziwa, ndilo lakuti ngakhale kulemera kwake sikusintha, miyendo yake imafupika usiku uliwonse. Pa tsiku lopatulidwa, monga mwa kuwerengera kwanga, linali ndi mphamvu zofika ku Likoma, ngakhale zobwerera zinali zokayikitsa. Ndinaliyembekezetsa kuti mtengo ukwereko. Ndipo taonani, mu November chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya maminibasi inadumpha, thumba langa nilikanika kupitirira Monkey Bay. Mafuta atayamba kusowa, magalimoto nagona pa mizere, linandiuza m'maloto kuti likhoza kundiperekeza mpaka pa mlatho wa Liwonde, koma kuti pobwera ndidzayende pansi. Ndipo pamene ndinalikweza pa njinga kupita nalo kwa mavenda a pamsika, amene sikelo yao imaona makilogalamu makumi asanu ngati makumi anayi ndi mphambu zochepa, miyendo ija inatheratu, ndipo ndalama zimene ndinalandira zinali zokwanira kabaza wondifikitsa ku Migowi ndi chikho cha thobwa chotonthozera mtima.

Chimene chinandiwawa koposa ndinachimva pambuyo pake kwa aphunzitsi ena a m'mudzi mwathu, amene amawerenga nyuzi. Iwo anandifotokozera kuti nandolo wathuyu wambiri amapita ku India, ndi kuti mu 2021 maboma awiriwa anapangana za matani 50,000 pa chaka. Ndiye kuti thumba lomwe lija, limene m'manja mwanga linalephera kufika pa Liwonde, litangolowa m'manja mwa ena linamera mapiko, linakwera lole osafunsidwa chiphaso, linatsikira ku madoko a Mozambique, linapuma mphepo ya nyanja yamchere, ndi kukafika ku dziko la akachisi akalekale osemedwa m'miyala, kumene mwina lero lino likutumikira patebulo la munthu wolemekezeka. Midzi ya m'mbali mwa nyanja laiona, akachisi lawaona, ndipo silinanditumizire ngakhale kalata. Mwini wake, amene ndinalilimira ndi kulipalira, ndikadali pakhonde la chikamwini.

Kuti ndisachite manyazi pamaso pa apongozi, ndinachitabe ulendo wa anthu osauka. Ndinapalasa njinga kunka ku gombe la Chilwa, nyanja yathu yaulemu imene imati ikatopa nafe imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018; ndinaona mabwato, matope ndi matemba, amenenso mtengo wake unandiyang'ana mwachipongwe. Za akachisi, ndinamva kuti wa Mbona ali ku Khulubvi, ku Nsanje, kutali kwa matumba awiri; choncho ndinakwera ku mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, kumene atsamunda anamanga linga la Fort Lister mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogula akapolo opita ku Quelimane, ndipo ndinapeza zidutswa za makoma ndi manda zitagona m'tchire, ine ndekha ndili mlendo, wolondolera ndi wojambula wopanda kamera.

Apa nthabwala ndiiike pansi pang'ono. Ana a sukulu za kuno amaloweza pamtima maina a Likoma ndi Nkhotakota kuti akalembe mayeso, ndipo ambiri a iwo adzakalamba osaona madzi a nyanja ya Malawi. Izi sizichitika chifukwa makolo ao ndi ouma mtima pa dziko lao, koma chifukwa thukuta la chaka chathunthu limagulidwa pa mtengo wosafika pa Liwonde. Munthu amene namondwe wa Freddy anamugwetsera nyumba mu March 2023 safunika ulaliki wa kukonda dziko.

Chifukwa chake, inu akuluakulu a pa wailesi, September akubwerayu musatidzudzule ayi. Yambani mwayendera sikelo za pamsika ndi kulambula tchire la pa Fort Lister. Ndipo ngati zimenezo zikulemerani, ndipempha chinthu chimodzi chokha, kuti mundilole ndisokedwe m'thumba pamodzi ndi nandolo wa chaka chino.