Kodi Kompyuta Imakalamba Pati?

Ndikufunsa inu odziwa za makina, poti ine mutu waima. Kompyuta imene ndimatayipira makalata, mayeso a ana asukulu ndi makhadi a ukwati kuno ku Bolero yayamba kuchedwa kwabasi. Ndi Dell yakale, ya bokosi loika pansi pa tebulo, ndipo ndinaigula yogwirapo kale ntchito. Ukaiyatsa m'mawa umatha kusesa shopu yonse isanatsegule Word. Aliyense akuti yakalamba. Koma chakalamba n'chiyani m'katimo? Bokosi lonse, kapena kachinthu kamodzi?

Mnyamata wina wokonza makompyuta pa boma la Rumphi anaitsegula ine ndili pomwepo. Anandionetsa timizere tiwiri tobiriwira, nati iyi ndi RAM. Kenako kabokosi kachitsulo kolemera, nati iyi ndi hard disk. Anati hard disk ndi nkhokwe, RAM ndi lichero lopetera za lero. Ndinamva bwino. Koma ngati chochedwa n'kutapa m'nkhokwe, lichero lalikulu lithandiza chiyani? Nanga bwanji aliyense amene ndamufunsa amathamangira kunena kuti onjezerani RAM, asanayang'ane n'komwe?

Iye anayang'ana. Anatsegula Task Manager, ndipo pa mawu akuti Disk panali 100%, pamene RAM inali isanadzaze. Anati m'kati mwa hard disk muli mbale zozungulira maulendo 7200 pa mphindi, ndi kamkono koyenda uku ndi uku kufufuza chimene wapempha. Nditatchera khutu ndinakamva kakugogoda. Mu SSD, imene ingalowe m'malo mwa hard disk, mulibe choyenda chilichonse, ndipo imalowa pa waya womwewo wa SATA. Tsono ngati kachinthu kokwana m'thumba la malaya kangadzutse makina onse, n'chifukwa chiyani ena amandiuza kuti nditaye ndigule ina? Iwo akudziwa kuti ndalama ya kompyuta imatuluka m'mapepala angati otayipa?

Za RAM nazonso zili ndi pake. DDR3 salowa pa malo a DDR4, chifukwa kampata ka m'munsi kali posiyana. Ukalakwitsa kugula ku Mzuzu, wataya ndalama ya katunduyo ndi ya minibasi yomwe. Bwanji zinthu za ntchito imodzi osazipanga kuti zizilowana? Ndinafunsanso za processor. Anati kuti ndiike ya masiku ano ndiyenera kusintha motherboard, ndipo motherboard yatsopano idzafuna RAM yakeyake. Nanga ndikasintha zonsezo, chotsala cha kompyuta yanga n'chiyani kupatula chitsulo chakunja?

Tsiku ndi nthawi zinkabwerera m'mbuyo ndikaizimitsa. Vuto linali kabatire kokhala ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Fani nayo inali itamatidwa ndi fumbi la chilimwe, makina akutentha.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi magetsi. Kuno amathima osatsanzika, nthawi zina uli pakati pa mayeso a Sitandade 8 amene aphunzitsi akuwafuna mawa. Akamabwerera amatha kubwera ndi mphamvu n'kupsereza power supply. Ndiike SSD yatsopano m'bokosi limene lingapse usiku uno? Kodi choyamba kugula si UPS, ija imasunga moto kwa mphindi zingapo kuti usunge ntchito n'kuzimitsa bwinobwino? Ili kunja kwa bokosi, n'zoona, koma bwanji anthu akamawerenga ziwalo zofunika kusintha saitchula?

Pali china. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Windows 11 imafuna chinthu chotchedwa TPM 2.0 ndi processor, ikakhala ya Intel, ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, imene inayamba kutuluka mu 2017. Yanga ndi yakale kuposa apo. Ndiye kuti ngakhale ndiike SSD n'kuyamba kuthamanga, idzakhalabe yatha ntchito? Makina oyaka, otayipa, osindikiza, amatha ntchito bwanji pa tsiku lolembedwa kutali? Mnyamata uja anatchula Linux Mint, kuti ndi yaulere ndipo imayenda pa makina akale. Ndikufuna kuiyesa. Koma kodi pulinta yanga idzaimva? Nanga aphunzitsi akabwera ndi mayeso awo a Word pa flash, mizere ndi matebulo zidzatuluka monga anazikonzera?