Bambo a Onarebo

Foni inalira 2 koloko usiku. Kwathu kuno foni ikalira nthawi imeneyo ndiye kuti kwagwa zovuta, choncho ndinadzambatuka mtima uli phaphapha, m'mutu ndikuwerengera kale mtengo wa bokosi. Koma anali mwana wanga wachisamba, uja akuphunzira ku America. Kumeneko inali 8 koloko madzulo. Watha chaka chathunthu kunjako, koma sanamvetsebe kuti dzuwa lawo ndi la ku Chilobwe salowera limodzi.

"Adadi, kusukulu kuno andiitana kuti ndilowe honors program. Mukuona bwanji, ndilowe?"

Ine ndine telala. Ndatha zaka 27 pakhonde la golosale ndikupalasa makina a Singer, tepi ili pakhosi. Anthu amandifunsa ngati mamita atatu akwana diresi ndi duku lomwe, kapena ngati buluku la malemu lingabwezedwe kuti likwane wamoyo. Za ku yunivesite palibe anandifunsapo. Koma bambo sanena kuti sindikudziwa, makamaka kwa mwana amene unagulitsa njinga kuti alowe Fomu 1. Ndinatsokomola ngati munthu wozama n'kunena kuti, "Nkhani imeneyi ndi yofunika kuigonera." Ndipo ndinaigoneradi, mpaka mayi a kunyumba anandigwedeza kuti mkonono wanyanya.

Kutacha, m'mutu munatsala liwu limodzi lokha: onazi. Ndinalitembenuza uku ndi uku ndi Chingerezi changa cha MSCE, ndipo ndinapeza mbale wake. Onazi, Onarebo. Olemekezeka. Aja amatsika m'galimoto lalikulu, wina atawatsegulira chitseko. Pofika 10 koloko ndinali nditauza makasitomala atatu, aliyense ndikumupempha kuti asauze munthu. Mmodzi anali mayi wodzatenga yunifolomu ya kwaya. Pofika masana msika wonse unkanditchula kuti Bambo a Onarebo, ndipo mayi wa tomato anasiya kundiikira pulaizi, ati olemera sapatsidwa za ulere.

Chinanso chinandikweza mapewa ndi manambala. Mwanayo anati pamafunika magiredi a 3.5 ndipo iye ali ndi 3.8. Ife timadziwa kuti pa MSCE katswiri weniweni amapeza mapointi 6, ndipo dzina lake limamveka pawailesi. Ndiye wanga wapeza atatu ndi kachidutswa! Pambuyo pake ndinamva kuti kumeneko amawerenga chobwerera: pamwamba penipeni ndi 4, ndipo ochuluka ndiye abwino. Apa ndinaumva mtima kuwawa. Ine ndinapeza mapointi 44. Ndinangobadwira dziko lolakwika basi.

Madzulo ndinapita nayo nkhaniyo pabawo, komwe kulibe funso losowa yankho. Mlamu wanga, amene anakhala ku Joni zaka 9, sanadikire kuti ndimalize. Anati ku South Africa digiri wamba ndi ya zaka zitatu, ndipo onazi ndi chaka china chapadera chimene munthu amawonjezera asanalowe masitazi. "Alamu, konzekani chaka china cha bonya," anatero uku akundidya nkhomo. Aphunzitsi ena opuma anapukusa mutu. Iwo anati ku Britain onazi ndi mmene wakhozera digiri yako: pali gulu loyamba, lachiwiri lam'mwamba, lachiwiri lam'munsi ndi lachitatu, ndipo ngakhale wa lachitatuyo amayenda nayo onazi yake. Mkulu winanso anati zonsezo n'zakutali, pa Zomba pompa digiri ya zamalamulo ili ndi liwu lomwelo, choncho mwana wanga akhala loya. Anayamba pomwepo kundifotokozera mlandu wake wa malo, kuyambira pamene agogo ake anadzala mtengo wa mango.

Chondipweteka n'chakuti, kupatula za uloyazo, onse atatu ankanena zoona. Kungoti palibe ankanena za ku America.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi mwana anaimba pa WhatsApp, ya vidiyo. Ndinavala jekete. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati mmene ine ndimafotokozera kasitomala kuti nsalu yake yaperewera. Digiri ndi yomweyo, zaka ndi zinayi zomwezo, palibe chaka chowonjezera. Chosintha n'chakuti maphunziro ena amawachitira m'timakalasi ta anthu ngati 15, atazungulira tebulo limodzi ndi mphunzitsi, m'malo mwa holo ya anthu mazana. Ndinamva chisoni. Ine sukulu yonse ndinaiphunzira kumbuyo kwa mnyamata wina wamtali, ndipo aphunzitsi a masamu anandidziwa nkhope tsiku lotsanzikana. Patebulo la anthu 15 ubisala kumbuyo kwa ndani?

Anatinso a onazi amasankha maphunziro a teremu yotsatira anzawo asanayambe, malo asanadzaze. Ichi chokha ndinachimva msanga. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta kapena wa feteleza akudziwa kuti munthu wololedwa kulowera kutsogolo ndi wolemekezeka ndithu. Koma chaka chomaliza amalemba kafukufuku wakewake, chibuku chathunthu, n'kukaima pamaso pa aphunzitsi kuti amupanikize ndi mafunso. Ndipo magiredi akatsika pansi pa 3.5 paja, amamutulutsa.

Ndinafunsa kuti anayambitsa nkhanza zimenezi ndani. Anati mwa oyambirira ndi mkulu wina dzina lake Frank Aydelotte, amene anali mtsogoleri wa koleji ya Swarthmore ku Pennsylvania. Iyeyu anaphunzirako ku Oxford, ndipo mu 1922 anakhazikitsa dongosolo loti ophunzira akhama asamayende pa liwiro la gulu lonse, aziwerenga mozama paokha, ndipo pomaliza aziyesedwa ndi aphunzitsi ochokera kusukulu zina. Ndinamuzindikira munthuyo. Pantchito yathu aliponso otere. Ukamasoka bwino, mphotho yako ndi suti ya mkwati yobwera Lachisanu usiku, ukwati uli mawa 9 koloko.

"Nanga amalipira zingati?" ndinafunsa.

Anaseka. Anati sukulu zina zimawonjezera kathandizo ka fizi, zina m'malo mwake zimalipiritsa ndalama yapadera, koma yake sichita chilichonse mwa ziwirizi.

"Nanga pamapeto pake upeza chiyani?"

Anati mawu angapo pa satifiketi, ndi chingwe chovala pakhosi tsiku la gilajuweshoni.

Chingwe. Ndinayang'ana tepi yanga ya mainchesi 60 ili pamsomali. Zaka 27 ndavala chingwe pakhosi, popanda wondiimbira m'manja.

Kenako inafika nkhani yeniyeni. Viza ya ophunzira kumeneko imalola kugwira ganyu ya pasukulu maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula. Mwana wanga amagwira kukhitchini ya ophunzira, ndipo akalowa onazi ayenera kudula maolawo pakati kuti apeze nthawi yowerenga. Tsono tindalama ta mbale zotsukazo ndi tomwe takhala tikugula malata a nyumba yathu, awiriawiri. Denga lafika pakati. Mbali yokhala ndi malata atsopano ndi ya pabalaza, yodontha ndi ya kuchipinda kwanga.

Mwadzidzidzi ndinasanduka munthu wanzeru. Ndinati, "Mwana wanga, thanzi ndiye chuma. Usadzipanikize. Anthu ambiri anapenga ndi mabuku." Ndinawonjezanso kuti kudzichepetsa n'kwabwino, ndipo ndinali pafupi kupeza vesi.

Mayi a kunyumba anali chete nthawi yonseyi akusankha nyemba. Anaika lichero pansi. "Abambo, mukudera nkhawa mutu wa mwana kapena denga?" Anandilanda foni, jekete langa lonse lija osalilabadira. "Iwe, tandiuza, ukufuna chiyani?"

Funso limeneli ine silinandifikire m'mutu masiku anayi onse. Mwanayo anati akufuna adzapitirize masitazi, ndipo kuti akamutenge pamafunika kafukufuku woonetsa ndi kalata yochokera kwa mphunzitsi womudziwa bwino, osati womuonera patali m'holo. Anati akanakhala kuti akufuna kungomaliza n'kuyamba ntchito, sakanadzivutitsa, poti anzake ena anzeru kuposa iye akana ndipo palibe wawaseka.

"Ndiye lowa," anatero mayi ake.

"Ndinasayina kale Lachitatu, amama."

Ine anandiimbira Lachinayi.

Bedi ndalisunthira pakona yosadontha. Kumsika ndayesa kulongosola kuti palibe galimoto, palibe nyumba ya malamulo, pali chingwe chabe, koma anthu akuti ndi mmene amayankhulira olemera akamabisa chuma. Pamaliro a sabata yatha anandilemba chopepesa cha mabwana, ndipo anandikhazika pampando wa pulasitiki m'malo mwa njerwa yanga ya masiku onse. Ndinamulembera mwana kuti atumize muyeso wa khosi, chingwecho ndimusokere ine chokongola kuposa cha azungu. Anayankha ndi tinkhope toseka titatu.

Dzulo kwabwera nthumwi ziwiri za komiti ya chitukuko, chipewa chili m'manja. Akuti mjigo wa kuseri kwa sukulu unawonongeka kalekale, ndiye Onarebo akamabwera kutchuthi awaganizireko. Ndinatsokomola, ndinakonza tepi pakhosi, ndipo ndawauza kuti nkhani imeneyi ndi yofunika kuigonera.