Chitamando cha Malangizo Amene Nthawi Inawapitirira

Pakati pa zolembedwa zonse zimene amisiri a kompyuta amadalira, palibe zimene zanyozedwa mopanda chilungamo kuposa malangizo okhazikitsira seva ya imelo amene nthawi inawapitirira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti pali anthu amene amasala tulo pofuna kuwakonza. Seva ya imelo ndi kompyuta imene imalandira, kusunga ndi kutumiza makalata a pa intaneti, ndipo munthu amene wasankha kuyendetsa yakeyake, m'malo mosiya makalata ake m'manja mwa Gmail kapena Outlook, ayenera kulemba yekha mafayilo ouza mapulogalamu monga Postfix ndi Dovecot zoyenera kuchita. Postfix, imene Wietse Venema anaitulutsa mu 1998 ali ku IBM, imanyamula makalata pakati pa maseva motsata dongosolo la SMTP limene Jon Postel analilemba mu 1982, pamene Dovecot imapereka makalatawo kwa eni ake akafuna kuwawerenga. Mapulogalamuwa amasinthasintha, koma malangizo amene wina analemba kale pofotokoza mmene iye anawakhazikitsira sagwedezeka, ndipo ulemerero wawo wonse wagona pa kusagwedezekako.

Malangizo olondola amabala mbuli, chifukwa munthu amene wakopera mzere uliwonse n'kuona zonse zikuyenda amakagona asanadziwe chimene wachita. Malangizo olakwika ndiwo amaphunzitsa, ndipo amatero ndi zipangizo zochepa zedi. Mu fayilo ya main.cf ya Postfix muli mzere wakuti home_mailbox = Maildir/, ndipo kamzere kopendekera ka kumapetoko ndiko kamauza pulogalamuyo kuti kalata iliyonse isungidwe mu fayilo yakeyake m'kati mwa foda; wolemba malangizo akakaiwala, Postfix imaunjika makalata onse mu fayilo imodzi, Dovecot n'kumafunafuna foda imene kulibe, ndipo makalata amakhala kuti afika ndithu koma mwini wake sakuwaona. Chimodzimodzinso mu DNS, kaundula wa mayina a pa intaneti, mmene mzere wotchedwa MX umatchula seva yolandira makalata: kadontho ka kumapeto kwa dzina kakasowa, dzina lakuti mail.example.com limasanduka mail.example.com.example.com, kumene kulibe seva yolandira kalikonse. Wophunzira amene wachezera usiku wonse kusaka zizindikiro ziwirizi saziiwalanso mpaka kukalamba, ndipo palibe sukulu ya ukachenjede imene ingadzitamande kuti inaphunzitsa zambiri chonchi ndi inki yochepa chotero. Pofuna kuti phunziro lisafupike, malangizowa amatumiza wophunzirayo kukaona zolakwika mu fayilo ya /var/log/mail.log, imene pa Debian 12, dongosolo loyendetsera kompyuta lotuluka mu 2023, sipezeka pokhapokha munthu ataika yekha pulogalamu ya rsyslog.

Kukhulupirika kwa malangizowa kwa akufa n'kofunika kukutchula mwaulemu. Pofuna kutsekereza spam, amene ndi makalata achabechabe otumizidwa kwa anthu miyandamiyanda osawapempha, seva imafunsa mindandanda ya maadiresi a makompyuta okayikitsa isanalandire kalata, ndipo malangizo akale amatchulabe mindandanda imene inatsekedwa, monga munthu amene amakatulabe milandu pa bwalo la mfumu imene inasamuka kalekale. Mndandanda wa ORDB unatsekedwa mu Disembala 2006, koma maseva anapitiriza kuufunsa, mpaka mu Malichi 2008 unayamba kuyankha kuti adiresi iliyonse imene wafunsidwa ndi yokayikitsa, ndipo mndandanda wa AHBL unachitanso chimodzimodzi kumayambiriro kwa 2015. Maseva amene eni ake anatsata malangizo akale mokhulupirika anakana kalata iliyonse, ya wakuba ndi ya m'bale yomwe, kotero kuti vuto la spam linatheratu pa masevawo, chipambano chimene mapulogalamu amakono osefa makalata, ndi luntha lawo lonse, sanachifikebe. Pa nkhani ya SPF, DKIM ndi DMARC, njira zitatu zotsimikizira kuti kalata yachokeradi kwa mwini dzina, malangizo akale kwambiri amangokhala chete modzichepetsa, ngakhale kuti kuyambira mu Febuluwale 2024 Gmail ndi Yahoo zimafuna zonse zitatu kwa otumiza makalata ochuluka.

Koma umboni waukulu wa nzeru za malangizo akale uli pa nkhani ya khomo 465. Kompyuta imalandira mauthenga kudzera m'makomo okhala ndi manambala, amene amisiri amawatcha ma port, ndipo mu 1997 khomo 465 linapatulidwa kuti likhale la makalata obisidwa kuyambira pa mawu oyamba a kulumikizana. Chaka cha 1998 chisanathe chilolezocho chinachotsedwa, poti akatswiri anakonda njira ya STARTTLS, imene imayamba kulankhula poyera kenako n'kupempha kubisa, ndipo khomo 587 ndilo linaperekedwa kwa munthu wotumiza kalata kudzera pa seva yake. Kwa zaka pafupifupi 20, okonza malangizo anayenda tsamba ndi tsamba kufufuta 465 ndi kulemba 587, uku akudzudzula aliyense wosungabe nambala yakaleyo kuti ngotsalira. Malangizo amene sanakonzedwe sanatsutse kapena kudziteteza, anangodikira, ndipo mu Januwale 2018 chikalata cha RFC 8314, chimodzi mwa zikalata zimene zimakhazikitsa malamulo a intaneti, chinabwezeretsa khomo 465 ndi kulimbikitsa kubisa kuyambira pachiyambi, poona kuti munthu woima pakati pa makompyuta awiri akhoza kuchotsa pempho la STARTTLS makalata n'kudutsa poyera. Amene anavutika kufufuta anayenera kubwerera kukalembanso chimene anafufuta, pamene wolemba waulesi wa mu 1997 anapezeka kuti anaona patali kuposa onse, kupatula kuti dzina la ntchitoyo, limene kale linali smtps, tsopano limalembedwa submissions, kusintha kumene mwina kunachitika pofuna kuti okonzawo asachite manyazi kwambiri.

Wokonza malangizo, amene ndiye mdani wa chuma chonsechi, ayenera kuweruzidwa molingana ndi ntchito zake. Iye amaika Debian kapena Ubuntu pa kompyuta yopanda kanthu, amatsata malangizo mzere ndi mzere ngati sadziwa chilichonse, amalemba pamene zasokonekera, amasintha smtpd_use_tls kukhala smtpd_tls_security_level, amaonjezera smtpd_relay_restrictions imene inabwera ndi Postfix 2.10 mu 2013 pofuna kuti seva isamanyamulire alendo makalata awo a spam, ndipo choipitsitsa, amalemba pamwamba tsiku ndi nambala ya pulogalamu imene wayesera, potero n'kulanda woŵerenga mwayi woganizira yekha zaka za zimene akuŵerenga. Zonsezi amazichita popanda malipiro, n'kudikira kuti woyang'anira malangizowo avomereze kusintha kwa chizindikiro chimodzi, pamene malangizo olakwika aja anakoperedwa kale m'masamba ena ambirimbiri kumene dzanja lake silifika.

Chilango chake sichichedwa. Mu Januwale 2025 kunatuluka Dovecot 2.4, imene inasintha kalembedwe ka mafayilo ake kotero kuti mafayilo a 2.3 sagwiranso ntchito osalembedwanso, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Debian 13 inaifikitsa pa maseva a anthu amene anangofuna kukweza makina awo. Mzere wakuti ssl_cert, umene okonza anathera zaka akukumbutsa anthu kuti usamasowe chizindikiro cha < patsogolo pa dzina la fayilo, unalowedwa m'malo ndi ssl_server_cert_file umene sufuna chizindikirocho, ndipo pulogalamuyo imakana kudzuka ngati fayilo siyamba ndi dovecot_config_version, mzere umene palibe malangizo a 2.3, ngakhale okonzedwa mosamala chotani, anaulotako. Motero masamba onse amene anayeretsedwa ndi thukuta la okonza analandiridwa m'gulu lolemekezeka la malangizo otha ntchito, ndipo ayamba kale kuphunzitsa.